Zimene ndikuphunzira pa ntchito yothandiza odwala pogwiritsa ntchito nyimbo

Abale ambiri kumudzi akamva kuti ndikuchita digiri yachiwiri ya music therapy kuno ku England amaganiza kuti ndikukonzekera kutulutsa chimbale, ndipo malume anga a ku Dedza anafika pondifunsa ngati ndayamba using'anga. Ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze bwinobwino, chifukwa nanenso ndisanalowe m'kalasi ndinkaganiza kuti ntchitoyi ndi yongoimbira odwala nyimbo zokoma kuti mitima yawo ikhale pansi.

Chimene chinandikopa ndinachiona kuntchito, m'nyumba yosamalirako okalamba kumene ndimagwira usiku. Kunali gogo wina wodwala matenda oiwalaiwala amene sankazindikiranso ana ake, koma mayi wina wophunzira ntchitoyi akabwera Lachitatu n'kukhala pa piyano, gogoyo ankaimba ndime zonse za nyimbo ya kutchalitchi osaphonya liwu. Ine ndinatsogolera kwaya ya mpingo wathu kwa zaka 12, kotero ndinadziuza kuti theka la ntchitoyi ndikulidziwa kale.

Kulowa kwake si kwapafupi. Amafuna uonetse luso pa chida chako choimbira, upeke nyimbo pomwepo pamodzi ndi anthu amene sunakumanepo nawo, komanso ukhale utagwirapo ntchito ndi ana olumala, odwala kapena okalamba. Maphunzirowa amatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo gawo lalikulu limachitikira m'zipatala, m'sukulu za ana ofunika chisamaliro chapadera ndi m'nyumba za okalamba. Wophunzira aliyense amayeneranso kumakaonana ndi mlangizi wa za maganizo payekha, chinthu chimene poyamba ndinachiona ngati chamanyazi, popeza kwathu munthu wamwamuna sakhuthulira mlendo za kumtima. Ukamaliza umalembetsa ku bungwe la Health and Care Professions Council, ndipo lamulo la kuno sililola munthu wosalembetsa kudzitcha music therapist. Boma linayamba kulembetsa anthu a ntchitoyi mu 1999, ngakhale kuti maphunziro oyamba anawakhazikitsa Juliette Alvin ku Guildhall School of Music and Drama mumzinda wa London mu 1968.

Njira imene yandisintha kwambiri ndi ya Paul Nordoff, wopeka nyimbo wa ku America, ndi Clive Robbins, mphunzitsi wa ana olumala wa ku Britain, amene anayamba kugwirira limodzi ntchito mu 1959 kunyumba ya ana ya Sunfield ku Worcestershire. Iwo ankakhulupirira kuti mwa munthu aliyense, ngakhale amene sayankhula, muli gawo lomwe limamva nyimbo ndi kuiyankha, ndipo ntchito ya wothandiza ndi kulipeza gawolo poimba mogwirizana ndi chilichonse chimene munthuyo akuchita, kaya ndi kapumidwe kake, kulira kwake kapena kugogoda kwake patebulo.

Pa pepala zimenezi zinkamveka zosavuta. Chaka choyamba ananditumiza kusukulu ina kukagwira ntchito ndi mnyamata wa zaka 7 amene sayankhula ndipo sayang'ana munthu kumaso. Ndinamuikira ng'oma patsogolo, ine n'kumaimba gitala, ndipo kwa milungu inayi ndinkatuluka m'chipindamo nditakhutira kuti zayenda, poti mwanayo ankamenya ng'oma ndipo nyimbo sinkaduka. Kukumana kulikonse ndi mwana kumajambulidwa, makolo atavomereza, ndipo timalamulidwa kumvetseranso ndi kulemba zimene zachitika sekondi iliyonse. Woyang'anira ntchito yanga anabweza kachigawo ka masekondi 40 katatu, kenako anandifunsa kuti mwanayo ankachita chiyani pamene ine ndinkasintha nyimbo. Nditamvetsera ndi mtima wonse ndinazindikira kuti ankamenya katatu n'kuima, kumenyanso katatu n'kuima, kudikira kuti wina amuyankhe, ndipo ine nthawi zonse ndinkakwirira mpatawo ndi gitala langa. Usiku umenewo tulo sindinatione, poganiza kuti mwana ankandiitana kwa mwezi wathunthu ine osamva.

Kwathu nyimbo imakhala ndi woyambitsa ndi ovomera, kaya ndi pamtondo, pamaliro kapena kumunda, ndipo ine moyo wanga wonse ndinali woyambitsa. M'chipinda chija woyambitsa anayenera kukhala mwanayo. Mlungu wotsatira iye atamenya katatu ndinamuyankha katatu n'kukhala chete. Anamenya kanayi, ine kanayi, ndipo pa ulendo wachisanu anakweza mutu n'kundiyang'ana kwa kanthawi kochepa kwambiri. Wina anganene kuti n'zochepa, koma aphunzitsi ake atauzidwa anayamba nawonso kumusiyira mpata woyankha m'kalasi.

Timaphunziranso njira zina zodalira kwambiri mmene ubongo umagwirira ntchito. Ina, imene inayambira ku Boston mu 1973, imathandiza munthu amene sitiroko yamulanda chilankhulo kuti ayambe ndi kuimba mawu afupiafupi asanabwerere pa kuwayankhula. Ina imagwiritsa ntchito kugunda kosasinthasintha kuti odwala matenda a Parkinson, onjenjemeretsa ndi kuumitsa thupi, aponye mapazi mwadongosolo. Komabe aphunzitsi amatichenjeza kuti tisalonjeze zimene nyimbo singathe. Gogo uja sanachire matenda ake, koma Lachitatu lililonse ankakhala ndi theka la ola lopanda mantha, ndipo ana ake ankaimba naye.

Pa funso la malume, m'kalasi ndinafotokozapo za vimbuza vya abale athu Atumbuka, vimene bungwe la UNESCO linavilemekeza mu 2005, ndipo anzanga anachita chidwi kumva kuti oimba ng'oma amatsatira mmene wodwala akuvinira. Kufanana kulipo pamenepo, koma sindikufuna kusakaniza zinthu: ife sitinena za mizimu, timalemba zolinga za wodwala aliyense, ndipo timayankha kwa madokotala, anamwino ndi abale ake.

Amene akufuna njirayi adziwe kuti fizi ya mlendo kuno ndi yokwera kwambiri, ndipo kuphatikiza sukulu ndi ntchito ya usiku kumafooketsa thupi. Pafupi ndi kwathu, University of Pretoria ku South Africa yakhala ikuphunzitsa digiri yomweyi kuyambira mu 1999.

Kafukufuku wanga womalizira akukhudza okalamba ochokera ku Africa amene akudwalira m'nyumba za kuno, kumene nyimbo zimene amaimbiridwa n'za ubwana wa anthu ena. Ndikugwira ntchito ndi agogo aakazi ochokera ku Chipata amene Chingerezi chikuwathawa ndipo atsala ndi Chinyanja cha paubwana wawo. Amayi anga ayamba kunditumizira pa WhatsApp nyimbo za pamtondo zimene akuimba ndi anzawo a kumpingo, ndipo mlungu watha agogowo anavomera imodzi mpaka kumapeto, manja akusinja m'mwamba.