Mwana alowe sukulu iti kunja kuno: ya boma, ya international, kapena aziphunzira pakhomo?

Katundu asanatsike n'komwe m'masutikesi, funso la sukulu limakhala litafika kale. Nyumba mutha kusintha chaka chamawa, galimoto mutha kugulitsa, koma mukasankha sukulu mwasankhanso anzake a mwana, chilankhulo chimene azikangana nacho posewera, nthawi imene banja lonse lizidzuka, ngakhale mwezi umene muzitha kupita kukaona abale. Ife tili ndi ana awiri ndipo tinalawa njira ziwiri mwa zitatuzi. Yachitatu ndaionera kwa anzathu. Makolo anzanga amene mwangofika kumene, kapena mukumanga katundu, ndikuuzeni zimene ndinaona.

Ndiyambe ndi sukulu ya boma ya m'dera lomwe mukukhala. Ubwino wake woonekeratu ndi wa m'thumba. Ku England, ku France ndi ku Germany mwana wokhala m'dzikomo salipira fizi ku sukulu ya boma, ndipo ku America khoti lalikulu linagamula mu 1982 kuti mwana asabwezedwe pasukulu chifukwa chosowa mapepala okhalira m'dzikomo. Koma ubwino umene ine ndimauwerengera kwambiri ndi wina: anzake a mwana amakhala mumsewu womwewo. Wamng'ono wathu atalowa sukulu yoyenda pansi, pasanathe teremu imodzi tinayamba kumva kugogoda pachitseko madzulo, ana akufunsa ngati angatuluke kukasewera. Kudzera mwa anawo tinadziwana ndi makolo awo, ndipo aneba amene tinkangodutsana nawo osapatsana moni anasanduka anthu oti mutha kuwasiyira kiyi. Mlendo kudziko la eni amalowa m'mudzi kudzera pa geti la sukulu, ndipo palibe khomo lina limene ndinaona likutseguka msanga chotere.

Chenjezo pamenepa ndi lakuti m'maiko ambiri adiresi yanu ndi imene imasankha sukulu. Musasaine za nyumba musanafunse kuti ana a m'dera limenelo amapita kuti.

Vuto lalikulu la sukulu ya boma ndi chilankhulo, ndipo limanyenga. Katswiri wa maphunziro Jim Cummins, amene wagwira ntchito zaka zambiri ku Canada, anasiyanitsa zinthu ziwiri: chilankhulo chochezera, chimene mwana amachitola pa zaka ngati ziwiri, ndi chilankhulo cha m'kalasi, chowerengera mabuku a sayansi ndi kulembera chimangirizo, chimene chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri kuti afanane ndi eni chilankhulo. Ife zinatigwera. Tinkamumva mwana akulankhula ngati wobadwira komweko, mtima n'kukhala pansi, mpaka lipoti linabwera losonyeza kuti akulephera mafunso a masamu olembedwa m'mawu. Masamuwo ankawadziwa, chimene sankamva ndi funso. Maiko ena ali ndi makalasi olandirira ana obwera kumene, monga Willkommensklasse ku Germany ndi UPE2A ku France, ndipo amathandiza ndithu, koma akamutulutsa m'kalasi imeneyo musaganize kuti ntchito yatha.

Msinkhu umene mwana wafikira kumeneko ndi wofunika kwambiri. Ku Germany, m'zigawo zambiri ana amagawidwa akamaliza kalasi 4, ali ndi zaka pafupifupi 10, ena n'kupita ku Gymnasium, njira yolunjika ku yunivesite, ena ku sukulu za mitundu ina. Ku Berlin ndi ku Brandenburg amadikira mpaka kalasi 6. Mwana wofika ali ndi zaka 5 amakhala ndi nthawi yokwanira. Wofika ali ndi zaka 9 amayezedwa nzeru m'chilankhulo chimene wangochiyamba dzana, ndipo zimenezi zimandiwawa mumtima, chifukwa mwana wanzeru atha kuikidwa poti si pake.

Kholo nalonso limasenza mtolo wake. Makalata a kusukulu, homuweki, misonkhano ndi aphunzitsi, zonse zimabwera m'chilankhulo cha eni dziko. Miyezi yoyamba ndinkakhala usiku ndi foni kumasulira kalata iliyonse liwu ndi liwu. Zinali zotopetsa, komabe n'zimene zinandikakamiza kuphunzira. Dziwaninso kuti si kulikonse kumene njira imeneyi ili yotseguka: ku United Arab Emirates sukulu za boma zimaphunzitsa makamaka m'Chiarabu ndipo ana ambiri a alendo amapita ku sukulu zolipira.

Tsopano sukulu za international. Izi zinayambitsidwira anthu osamukasamuka. International School of Geneva inatsegulidwa mu 1924 kuti ilandire ana a anthu ogwira ntchito ku League of Nations, bungwe la maiko limene linalipo United Nations isanabwere, ndi ku ILO, bungwe la maiko loona za ntchito, ndipo ku Geneva komweko ndi kumene International Baccalaureate (IB), ndondomeko ya maphunziro ndi mayeso yogwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri, inakhazikitsidwa mu 1968. Chimene mukugula kumeneko ndi chimodzi: mwana akachoka ku Nairobi kupita ku Bangkok akapeze silabasi yomweyo ikumudikira. Kwa banja limene kontirakiti yake ndi ya zaka ziwiri kapena zitatu, chimenechi n'chamtengo wapatali.

M'kati mwa sukulu zimenezi mulinso mpikisano wina, wa IB ndi Cambridge. Dipuloma ya IB ndi ya zaka ziwiri, kuyambira zaka 16, ndipo mwana amatenga maphunziro asanu ndi limodzi, kulemba chimangirizo cha kafukufuku cha mawu 4,000, kuphunzira za maziko a chidziwitso, ndiponso kugwira ntchito zothandiza anthu. Mapointi onse ndi 45. Njira ya Cambridge, ya ku Britain, imadutsa pa mayeso a IGCSE kenako a A Level, kumene mwana amasankha maphunziro atatu kapena anayi okha n'kuwakumba mozama. Wamkulu wathu ankakonda masamu ndi sayansi koma kulemba nkhani zitalizitali kunkamulemera, choncho A Level inamuyenera. Mwana amene sanadziwebe chimene akufuna, kapena amene amachita bwino ponseponse, IB imamusiyira makomo ambiri.

Zovuta zake sindibisa. Fizi imene mwaiona pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pamabwera ndalama yolembetsera, ya basi, ya maulendo, ya mayeso. Ngati akulipira ndi abwana anu, dzifunseni lero lomwe kuti kontirakiti ikatha mwana ali pakati pa kosi mudzatani. Chachiwiri ndi mtunda. Sukulu zotere zimakhala zochepa mumzinda, ana amachokera kumbali zonse, ndipo kuti mwana akacheze kwa mnzake Loweruka pamafunika galimoto ndi kalendala. Wamkulu wathu anakhala zaka zitatu osadziwa dzina la mwana wa nyumba yoyandikana nafe. Chachitatu, chimene palibe anatichenjeza, ndi kutsanzikana. Chaka chilichonse sukulu ikamatseka, mabanja angapo amanyamuka. Mwana wathu anataya mnzake wapamtima kawiri motsatizana, ndipo kachitatu ndinaona kuti wayamba kudziletsa kukondana ndi aliyense kwambiri. Tinakhala naye pansi masiku angapo kuti alire bwinobwino, ndipo tinayamba kumuthandiza kuti aziimbirana ndi anzakewo pa WhatsApp mlungu uliwonse.

Musakopeke ndi dzina lolembedwa pa geti. Aliyense atha kulemba kuti international. A IB ali ndi mndandanda wa sukulu zovomerezeka pa webusaiti yawo, a Cambridge chimodzimodzi. Yang'anani musanalipire kalikonse, ndipo funsani kuti aphunzitsi amakhalitsa zaka zingati.

Za kuphunzira pakhomo ndinena mwachidule. Choyamba ndi lamulo: ku Germany n'koletsedwa, ku France kuyambira 2022 pamafunika chilolezo, pamene ku England n'kololedwa ndipo ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake. Njirayi imathandiza ngati mukukhala miyezi yochepa, kapena mukudikira malo kusukulu, ndipo mayeso a IGCSE mwana atha kulemba payekha kudzera ku British Council m'maiko ambiri. Koma mtolo wonse umagwera kholo lotsala pakhomo, limene kawirikawiri ndi lomwelo losungulumwa kale, lopanda ntchito ndi abale pafupi. Mnzanga wina anayesa chaka chimodzi. Ana anaphunzira bwino, iye ndiye anatheratu.

Kalendala nayo imasokoneza njira zonse zitatu. Ku Ulaya ndi ku America chaka cha sukulu chimayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, ku South Africa ndi ku Australia kumayambiriro kwa chaka, ku Japan mu Epulo. Mukasamuka pakati pa maiko otere mwana amabwereza theka la chaka kapena kulidumpha. Ngati muli ndi mwayi wosankha, kubwereza n'kwabwino kuposa kudumpha, makamaka pamene chilankhulo chili chatsopano.

Pali chinthu chimodzi chimene sukulu ya boma ndi ya international zimafanana: chilankhulo cha makolo a mwana sichimveka m'kalasi. Sweden imayesetsa, chifukwa kumeneko mwana atha kuphunzitsidwa chilankhulo cha kwawo ngati papezeka ana osachepera asanu ochifuna ndiponso mphunzitsi woyenera, koma maiko ambiri alibe zotere. Tsiku limene wamng'ono wathu analephera kuyankha agogo ake pa foni, n'kundiyang'ana kuti ndimumasulire, sindinagone. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti tikalowa m'nyumba tizilankhula chathu, ngakhale ana ayankhe m'chilankhulo china. Poyamba ankanyinyirika. Pano amacheza ndi agogo awo okha, ife tili kuchipinda china.

Ndiye ndingasankhe chiyani nditayambiranso? Mwana wosakwana zaka 8, ndipo mukudziwa kuti mukhala zaka zoposa zitatu, ndingamulowetse sukulu ya boma mosakayika, n'kumufunira womuthandiza kuwerenga kwa zaka zingapo ngakhale akuoneka kuti chilankhulo wachigwira. Mwana wa zaka 14 kupita m'mwamba ndingamusunge pa silabasi imene anayamba, ngakhale zitanthauze kudzimana zina, ndipo sindingamusamutse ali pakati pa kosi ya zaka ziwiri. Ngati ntchito ikukakamiza, kuli bwino kholo limodzi litsogole, lina litsale ndi mwana mpaka alembe mayeso. Ovuta kuwasankhira ndi a zaka 9 mpaka 13. Pamenepo yang'anani mwanayo: wochezeka, wosaopa kulakwitsa polankhula, atha kulimba ku sukulu ya boma, wamanyazi, amene kusamukako kwamusweratu mtima, mupatseni chaka chimodzi m'chilankhulo chimene amachidziwa kaye.

Ku sukulu zambiri adzakufunsani malipoti a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, kalata ya kubadwa ndi khadi la katemera, ndipo ena amafuna zitamasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka. Zitengeni musananyamuke, muziike m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi mapasipoti. Ife lipoti limodzi tinaliiwala, ndipo mwana anakhala pakhomo milungu itatu tikulidikira.