Kiliniki ya pulayiveti ku Salima: anawapatsa amayi mankhwala a Bactrim osatsegula buku lawo

Amene mumapita ku kiliniki ya pulayiveti ina ya m'tauni muno mwa Salima, yomwe amasunga mabuku a odwala pa kauntala mpaka mulipire, muzikana. Buku lanu la kuchipatala lizilowa nanu m'chipinda cha adokotala. Amayi anga anatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha kachitidwe kameneka, ndipo mpaka lero ndikamuona mtsikana wa pa risepushoni uja mtima umandiwawa.

Amayi ali ndi BP ndiye timapita nawo kumeneko pafupipafupi, popeza kuchokera kwathu njira ya ku Senga Bay kabaza amakatitula pakhomo penipeni. Ulendo umenewu ankadandaula kuwawa pokodza ndi kutentha thupi. Mitengo yawo mukuidziwa kale. Kuonana ndi adokotala anakweza, kuyezetsa malungo ndi mkodzo ndalama yake payokha, mankhwala payokhanso. Za ndalama sindikudandaula, munthu ukasankha pulayiveti umadziwa kuti ukalipira.

Titangofika mtsikanayo analanda buku la amayi n'kuliponya mu dirowa, n'kutipatsa kapepala kawo kolembapo dzina ndi zaka basi. Ndinamuuza kuti achemwali, bukulo muli zofunika kuti adokotala aone. Anandiyankha maso ali pa foni kuti buku timatenga tikamaliza kulipira, anthu ambiri amathawa ndi mabilu. Ndinabwerezanso. Anangoitana munthu wotsatira.

Pachikuto cha buku limenelo, mkati mwake, panalembedwa ndi cholembera chofiira kuti amayi sagwirizana ndi mankhwala a salufa. Analemba ndi anamwino a kuchipatala cha boma kalekale, nthawi imene malungo tinkamwera Fansidar, LA asanabwere mu 2007. Nthawi imeneyo amayi atamwa Fansidar anatupa nkhope yonse, khungu n'kuyamba kusupuka, anagonekedwa m'chipatala. Pabanja pathu aliyense amaidziwa nkhani imeneyi, ngakhale adzukulu.

Muchipindamo amayi analowa okha chifukwa ine anandituma kukalipira za ku labu kaye. Amayi ndi munthu wachikulire, pamaso pa dokotala amangoti inde, zikomo. Malungo sanawapeze, anati ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Tinapita pa windo la mankhwala, mnyamata wa pamenepo anawerengera mapilitsi oyera m'kapulasitiki, n'kulemba 2x2 pamwamba. Dzina la mankhwala ayi, tsiku lotha mphamvu ayi. Ndinamufunsa kuti achimwene, mankhwalawa ndi ati, amayi sagwirizana ndi Fansidar. Anaseka n'kunena kuti mayi, Fansidar masiku ano ndi wa amayi oyembekezera ku sikelo, awa ndi ena, musadandaule. Mawu amenewo sindidzawaiwala. Ndinafunsa ine, ndinatchula dzina la mankhwala pamaso pake, iye n'kundiyankha ngati ndine wosadziwa kanthu. Pajatu amati safunsa anadya phula, nanga wofunsa n'kuyankhidwa zabodza atani?

Amayi anamwa madzulo, anamwanso m'mawa. Pofika masana anayamba kudzikanda m'manja ndi m'khosi. Usiku milomo inatupa, maso anafiira psuu, pamsana ponse zidzolo zofiira zotuluka ngati munthu wakhudza chitedze. Magetsi anali atazima, ndinkawaunika ndi tochi ya foni, ndikuona mlomo wa m'munsi ukukulirakulira. Anandiuza kuti, mwana wanga, izi ndi zomwe zija. Malovu ankameza movutikira, madzi akafika m'kamwa ankati akuwotcha. Ndinawaletsa kumwa mapilitsi otsalawo, n'kudzutsa aneba amene ali ndi njinga yamoto. Kunja kusanayere bwinobwino tinali tili pageti pa kilinikiyo, ine ndili ndi kapulasitiki kaja m'manja, buku lili m'chitenje.

Sindinadutsire pa kauntala. Ndinalowa molunjika kwa adokotala, ndinatsegula buku n'kuliika patebulo, chala chili pa zolemba zofiirazo. Anawerenga, anayang'ana amayi, nkhope yawo inasintha. Anati anawalembera Bactrim. Bactrim ndi Fansidar mayina ndi osiyana koma onse muli salufa, ndipo munthu amene anadwalapo ndi mmodzi sayenera kupatsidwa winayo. Zimenezi mnyamata wa pa windo uja amayenera kuzidziwa, ndiyo ntchito yake. Ngati sanazidziwe, amayenera kudzuka pampando n'kukafunsa, chipinda cha adokotala chili pafupi pomwepo.

Apa ndinene chilungamo. Bambo aja, amene ndi kiliniko ofisala ngakhale tonse timangoti adokotala, sanadzikanire mlandu ngakhale pang'ono. Anagwada pafupi ndi amayi n'kunena kuti agogo, pepani, ndinayenera kukufunsani ndisanalembe. Anawabaya jakisoni wochepetsa kutupako, anawayeza BP ndi kapumidwe, anawaunika m'kamwa ndi m'maso. Kenako anati izi sizosunga pano, n'kulemba kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu cha boma, n'kuimbira galimoto okha pa foni yawo. Ena akanatigoneka pabedi pawo ndi diripi kuti bilu ikwere. Madzulo ake anaimbanso foni kufunsa kuti agogo akupeza bwanji. Zimenezi zinandifewetsa mtima, chifukwa ndinapita kumeneko nditakonzeka kukalipa mpaka anthu asonkhane.

Kuchipatala cha boma anatiuza kuti tachita bwino kusiya mankhwalawo msanga. Akanapitiriza kumwa khungu likanayamba kusupuka ndi zilonda m'kamwa ndi m'maso, ndipo matenda amenewo amapha. Amayi anagonekedwa, anawapatsa mankhwala ena a vuto la mkodzo lija, pano ali kunyumba. Milomo inasenda, kudya nsima anachedwa kuyamba, ankangomwa phala lamadzimadzi. Usipa umene amaukonda uja anayamba waukana kaye chifukwa mchere unkawawawa m'kamwa.

Zina za pamalopo si zoipa. Poyeza malungo amatsegula kachipangizo katsopano inu mukuona, amavala magolovesi, singano amaiponya m'kabokosi kake nthawi yomweyo. Chidebe cha madzi ndi sopo chimene anaika pakhomo nthawi ya kolera ya 2022 chikadalipo ndipo mumakhala madzi. Satifiketi ya Medical Council of Malawi, bungwe loyang'anira madokotala ndi makiliniki, ili pakhoma. Chimbudzi chokha n'chomvetsa chisoni. Koma satifiketi ya pakhoma sinatsegule buku la amayi anga. Ukhondo wonsewo uli ndi phindu lanji ngati mbiri ya wodwala mwaitsekera mu dirowa ngati chikole? Buku limeneli boma linalipanga kuti aliyense wothandiza wodwala aone zimene anzake analemba kale, matenda akale, mankhwala amene akumwa, amene sagwirizana nawo. Kwa munthu wa BP ndiye n'lofunika kwambiri, chifukwa mankhwala ena sayenera kuphatikizana.

Ndipo za mapilitsi m'kapulasitiki kopanda dzina zija zisiyike. Tikanathamangira chipatala china usiku uja, tikanawauza kuti amayi amwa chiyani? Mapilitsi oyera ndi ambirimbiri. Kulemba dzina la mankhwala pa kathumba sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika nditabwererako kukatenga zotsatira za mkodzo. Mtsikana wa pa kauntala uja anandiuza kuti pali bilu ya jakisoni wa tsiku lija ndi yoonana ndi adokotala kachiwiri. Osafunsa n'komwe kuti agogo ali bwanji. Ndinamuyang'ana, ndinati achemwali, mukufuna ndilipire chifukwa chokonza zimene mwalakwitsa nokha? Anati iye amangotsatira zimene zili mu kompyuta. Adokotala atamva phokoso anatuluka n'kuuza mtsikanayo kuti aifufute biluyo, koma ndalama ya Bactrim ija mpaka pano sanabweze, akuti mwini kiliniki ndi amene angavomereze ndipo amakhala ku Lilongwe. Nambala yanga ndinasiya.

Nyenyezi zoyamikira kilinikiyi ndikupereka ziwiri, ndipo zonsezo ndi za adokotala aja. Amayi akuti kukayezetsa BP azipitabe kwa iwo chifukwa anapepesa atagwada, ine sindinawatsutse, koma ndizilowa nawo m'chipindamo ndipo mankhwala tizikagula ku famase kumene amapereka m'paketi yake. Ndauza adokotala kuti ndikadzapezanso mabuku a odwala ali mu dirowa ndidzalemba kalata ku Medical Council, ndipo za pa windo la mankhwala ndidzakanena ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala. Anati akambirana ndi mwini wake mwezi uno usanathe.