Mbewu Ikusowadi? Za pa WhatsApp Kapena Kufunsa Wogulitsa

Pofika Okutobala, magulu a alimi pa WhatsApp ndi Facebook amadzaza ndi mauthenga akuti mbewu ya chimanga chocha msanga, monga Kanyani, yayamba kusowa. Ubwino wake n'ngwakuti mumamva nkhaniyi mvula isanagwe. Koma ena olembawo ndi mavenda ofuna kukweza mtengo, ndipo anthu akathamangira kukagula, mbewuyo imathadi. Chithunzi cha mashelefu opanda kanthu ku Lilongwe sichikuuzani za ku Ntcheu.

Ine ndimadalira kufunsa wogulitsa zipangizo zaulimi pamsika wakwathu. Kumadya ndalama ya kabaza, inde, nayenso amafuna malonda, koma amadziwa tsiku lomwe galimoto idzabweretse katundu. Paketi mumaigwira nokha, n'kuona ngati sinamatulidwe, poti mbewu yachinyengo yopakidwa utoto imachuluka nthawi yomweyi.