Sipulinti ya dzanja ndi yabwino, koma pa famase paja ayi

Ndimaluka tsitsi ku saluni, ndipo dzanzi linandiyamba m'dzanja lamanja chaka chatha. Chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati zinkangokhala ngati za munthu wina, kachala kakang'ono kokha kali bwinobwino. Usiku ndiye osanena, kudzuka cha m'ma 2 koloko n'kumakutumula dzanja. Adokotala anati ndi carpal tunnel syndrome, mtsempha ukupanikizika pamfundo ya dzanja, ndigule sipulinti, chomangira choletsa dzanja kupindika, yogona nayo poti munthu akagona dzanja limapindika.

Ndinakagula pa famase ina m'tauni. Ndinanena momveka kuti ya dzanja lamanja. Kufika kunyumba, kutsegula, yamanzere! M'mawa mwake ndinakweranso minibasi, lisiti lili m'manja, makasitomala awiri nditawabweza. Mtsikana wa pakauntala, maso ali pafoni, akuti, "Mayi, zotsegula sitilandira." Ndinati, "Asisi, ndikanadziwa bwanji osatsegula? Nanga wandipatsa yolakwika ndani?" Anangoloza chipepala chapakhoma. Ndinaima pomwepo, osasuntha, mpaka abwana ake anatulukira. Kusintha anasintha, koma nkhope ngati ndabwera kudzapempha mchere. Pepani yekha sanatuluke pakamwa pa aliyense.

Masiku oyamba ndinkaivula pakati pa usiku, ndili kutukwana mumtima kuti ndataya ndalama. Kenako a fizo, aja ophunzitsa mafizo olimbitsa ziwalo kuchipatala, anaona kuti kachitsulo kam'kati kanapindikira m'mwamba kwambiri. Anakasolola, n'kukawongola kuti dzanja lizikhala mowongoka, n'kundiuzanso kuti ndisamamange mothina. Zimenezi a pa famase bwenzi atandiuza tsiku loyamba lomwe.

Apa ndiye ndivomere. Sabata yachitatu ndinagona mpaka tambala kulira, osadzuka ndi dzanzi. Ndinachita kudabwa ndekha.

Nthawi yotentha ya Okutobala sipulintiyi imachititsa thukuta, ndipo zomatira zake zimakola timaulusi ta meshi, moti ndimachita kutola ndi chipeso. Kuluka nayo sizitheka, ndimangovala pogona. Tsiku loti ndaluka mitu itatu dzanzi limabwererabe pang'ono, ndipo adokotala anati likapitirira kapena chala chachikulu chikayamba kufooka ndibwerere tikakambe za jakisoni kapena opaleshoni. Ndikufuna inanso yosinthira ikachapidwa iyi, koma ndikagula kwina, ndipo ndikatsegulira pakauntala pomwepo.