Mkuwa, bulonzi ndi chitsulo: chidapindulitsa munthu wakale n'chiti?

Tiyerekeze kuti ndinu mlimi wakalekale, nkhwangwa yamwala yakutopetsani. Pa zitatuzi mukadatola chiti?

Mkuwa ndiwo udayamba, poti nthawi zina umapezeka wokhawokha, wongofuna kuusula. Mtembo wa munthu amene amamutcha Ötzi, womwe udapezeka mu 1991 m'madzi oundana kumapiri a Alps ku Ulaya, udali ndi nkhwangwa yamkuwa ya zaka zoposa 5,000. Yamwala ikasweka ndiye kuti yapita, pomwe yamkuwa umaisungunula n'kuiumbanso. Koma mkuwa ngwofewa, suchedwa kubuntha.

Ukathira tini (mtapo wofewa, wotuwa ngati siliva) pang'ono mumkuwa, pafupifupi gawo limodzi pa magawo 10, umapeza bulonzi, wolimba bwino. Vuto ndi tiniyo. Ngosowa kwabasi, moti a ku Mesopotamia, komwe lero ndi ku Iraq, ankachita kumuitanitsa kutali. Ndiye bulonzi wambiri ankathera m'manja mwa mafumu ndi asilikali.

Chitsulo ndicho chidali chamakani. Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085, chitsulo mpaka 1,538, ndipo ng'anjo zakale sizinkafika pamenepo. Anthu apope mvukuto, makala athe, thukuta lili kamukamu, chotuluka n'chibuma chabe chodzadza zinyalala. Wosula achitenthenso, achimenye, achitenthenso, achimenye, mpaka khasu lioneke. Komanso chitsulo choyambiriracho sichinkaposa bulonzi kulimba, ndipo dzimbiri silichileka. Nanga chidapambana bwanji? Miyala yake ili ponseponse. Chitayamba kufala ku Middle East cha m'ma 1200 BC, mlimi wamba naye adayamba kugwira chida chakuthwa chodulira mitengo ndi kuswera mphanje. Ine voti yanga ili pomwepa.

Kuno kwathu nyengo ya bulonzi sidakhaleko n'komwe. Alimi amene adasiya mbiya zawo ku Nkope, m'mbali mwa nyanja ya Malawi, zaka zoposa 1,500 zapitazo, adafika akudziwa kale kuyenga chitsulo, ndipo mabwinja a ng'anjo za mibadwo yapambuyo akadalipo ku Kasungu ndi ku Nyika. Mkuwa sadautaye ayi, adangoupatsa ntchito ina. M'manda a ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi ku Zambia, anthu olemera adaikidwa pamodzi ndi zigwinjiri ndi mitanda yamkuwa, yomwe inali chuma chosinthanitsira malonda. Koma chakudya chimene ankadya chidalimidwa ndi khasu lachitsulo.