Akasinja akale m'mabokosi atsopano: Tamiya, Airfix kapena Revell?

Ndikunena za akasinja a pulasitiki omanga wekha, amene amabwera m'bokosi ngati kiti ya tiziwalo tolumikiza. Bokosi likakhala lonyezimira musaganize kuti kasinja ali mkatimo ndi wa dzulodzuloli ayi. Nthawi zambiri kampani imangotenga chikombole chomwe chija cha m'ma 1960 kapena 1970, kuthiramo pulasitiki wina, kusintha ma decal (tizizindikiro tomata pa kasinja), basi kiti yabwereranso pamsika. Ndiye ine ndikamasankha ndimayang'ana kuti chikombolecho chakalamba bwanji. Chitsulo chimaperepeseka, mbali ziwiri zija zikasiya kulumana bwinobwino pulasitiki amatulukira m'mphepete ngati kakhungu kopyapyala, ndiye flash timanenayo, ndipo pa mawilo ang'onoang'ono kamzere kapakati kamatupa mpaka umakhala usiku wonse ukupala ndi mpeni.

Tiyambe ndi Tamiya ya ku Shizuoka ku Japan, sikelo ya 1/35, kutanthauza kuti kasinja weniweni wachepetsedwa ka 35. Awa kunena zoona sitinganene kuti anabwereranso chifukwa ena sanachokepo n'komwe, Panzer II wa 1971 uja mpaka lero akumuumbabe, chimodzimodzi M41 Walker Bulldog ndi ma T-34 a m'ma 1970. Mukatembenuza thupi lapansi mupeza timabowo ndi zizindikiro za mabatire mkati, chifukwa akasinja amenewa poyamba anali oyenda ndi mota. Sikelo ya 1/35 yomweyo inabadwa choncho, kumayambiriro kwa m'ma 1960 anapanga Panther woti mabatire akwanemo, atayeza n'kupeza kuti ndi 1/35. Vuto lake lili pomwepo, thupi linapangidwa moganizira mota osati kasinja weniweni ndiye miyezo ina ndi yokhota, pamwamba pa matcheni pali pululu moti ukasuzumira pa chitseko cha turret (kanyumba kozungulira ka mfuti kapamwamba) umaona tebulo, ma handle ena anangowaumba ngati kotupa chabe. Koma kulumikizana kwake eee, mbali ndi mbali zimangoti khwatsa, guluu pang'ono, putty wotsekera mipata mwina osamugwira n'komwe. Matcheni ndi a labala, umalowetsa timisomali twake m'mabowo n'kutiphwatalitsa ndi sikuludiraiva yotentha. Munthu woyamba kumene atha kumaliza Panzer II pa wikendi imodzi, tizidole ta asilikali a Afrika Korps, gulu la Germany la ku North Africa, tili momwemo m'bokosi ngakhale nkhope zawo zimaoneka ngati angodzuka kumene.

Airfix ndi nkhani ina. Mu 2018 anayambitsa Vintage Classics, ndipo chomwe ndimawakondera sabisa, dzina lokhalo likukuuza kuti izi ndi zakale ndipo chaka cha chikombole chimalembedwa pa bokosi. Chithunzi cha pamwamba ndi chakale chomwe chija, zambiri zojambula Roy Cross, ena amagula chifukwa cha chithunzicho basi. Sherman, Churchill ndi Panther ndi a 1961, Tiger I wa 1964, onse pa 1/76, sikelo yofanana ndi masitima a zidole otchedwa OO. Tangoganizani chikombole chadutsa zaka 60 chikugwirabe ntchito. Apa sanipepa ndi putty zikhale pafupi, tiziwalo ndi tating'ono, kuchotsa flash pa kawilo kochepa kuposa chikhadabo sikuti ndi masewera, ndipo malo olowetsera ena ndi okhwepa moti umayika ndi diso. Tiger alibe kabokosi ka katundu kakumbuyo kwa turret kamene tinazolowera kuona pa zithunzi, ofuna zenizeni amachita kupanga okha ndi pulasitiki khadi. Matcheni nawo ndi alabala, safuna guluu wamba, ambiri amangosoka ndi ulusi kapena kumenya stepula n'kubisa polumikizapo kuseri kwa mawilo.

Nkhani ya matcheni alabalayi inandiphunzitsa mowawa. Ndinapeza kiti ina yakale, yeniyeni ya nthawi imeneyo osati yobwereza, potsegula matcheni anali atagona pamwamba pa thupi kwa zaka zambirimbiri ndipo anadya pulasitikiyo, panatsala chidindo cha tcheni chonyentchera ngati kandulo yasungunuka. Mankhwala ofewetsa labalayo ndi amene amalowa mu pulasitiki. Apa ndiye pamene yobwereza imaposa yoyambirira, labala ndi watsopano, ma decal sanachite chikasu ndipo sasweka ukawaviika m'madzi. Komabe ine mawilo ndimapaka penti ndi vanishi kaye ndisanaveke matcheni, kiti ikhale ya kampani iliyonse.

Pakati pa awiriwa pali Revell ya ku Germany yomwe inatenga zikombole za kampani ya Matchbox, za 1/76 zoyambira cha mu 1974, monga Sherman Firefly, Comet ndi Jagdpanther. Kale pulasitiki ankabwera wa mitundu iwiri kuti mwana wopanda penti asadandaule, pano ndi mtundu umodzi koma kabwalo kaja koimikapo kasinja kakadalipo, ka khoma logumuka kapena msewu wokumbika, ndipo matcheni ake mapeto amakolana okha. Kwa ine pa akasinja ang'onoang'ono awa ndi amene anakalamba bwino, amagwirana kuposa a 1961 aja. Chenjezo lokha, werengani sikelo pa bokosi chifukwa Revell yomweyo ili ndi 1/72, ndipo mukaimika 1/76 pambali pa 1/72 kusiyanako kumaoneka.

Italeri ndingoidutsa mwachangu, M47 Patton ndi Crusader ake a 1/35 a m'ma 1970 pa tsatanetsatane amaposa a Tamiya a nthawi yomweyo, kungoti matcheni ake ndi ouma, kuwakhotetsa pa sprocket (wilo la mano loyendetsa tcheni) mpaka uwaviike kaye m'madzi otentha. Atlantis ya ku New York inagula zikombole zambiri zakale za Revell, Monogram ndi Aurora mu 2018, akasinja a Aurora a 1/48 ndi oti umange pokumbukira ubwana osati kupita nawo ku mpikisano.

Wina akandifunsa kuti ayambe ndi iti ndimamupatsa Panzer II wa Tamiya osaganiza kawiri. Wa shelufu yaing'ono atenge Firefly wa Matchbox uja mu bokosi la Revell. Churchill wa Airfix ndinamugula ndithu, wadutsa miyezi itatu ali pa tebulo, timawilo take tambirimbiri tija ndapala mbali imodzi yokha.