Kabokosi kofiira ka Scarlett 2i2 ndi gitala yanga ya magetsi

Aliyense wolowa kuchipinda kwanga amayamba wafunsa za kabokosi kofiira kali pa tebulo kaja, ena amati ndi modemu, mayi a nyumba anayesa ndi chochajira foni. Ndi Focusrite Scarlett 2i2, ya 3rd gen imene inatuluka mu 2019, ndipo ndi interface, kachipangizo kolumikizira gitala kapena maiki ku kompyuta, imene ndimajambulira gitala. Ine si producer ayi, ndimangoimba lead ku tchalitchi ndi m'maukwati, kunyumba ndimajambula tima demo ndi ma part amene anzanga amandituma pa WhatsApp. Nyumba yake ya lendi, yamalata, yopanda siling'i, khoma limodzi ndi aneba. Zimenezi ndazitchula dala chifukwa zonse ndinene pansipa zikuchokera pamenepo.

Ndisanagule iyi ndinali ndi kachingwe kena kotchipa, mbali ina jack mbali ina USB, dzina sinditchula. Ukakhudza waya saundi imabwera mochedwa ngati munthu woyankha moni ali kutsidya la mtsinje, kuwonjezera apo ka sssss kosatha. Ndinavutika nako chaka chathunthu ndikuganiza kuti vuto ndi zala zanga. Scarlett anandigulira msuweni wanga ku Joni nkubwera nayo pa basi, mwayi wake zinachitika kwacha isanagwe ndi 44% mu November 2023 muja, pano mtengo wake ndikaumva ndimangoti kaya.

Tsiku loyamba ndinakhumudwa, osanama. Ndalumikiza gitala, ndakweza gain (kokwezera mphamvu ya saundi yolowa), koma saundi yofooka, yogonthera ngati gitala ndaifunditsa bulangete. Ndinatsala pang'ono kumuimbira msuweni kuti wandigulira feki. Kenako ndinaona kabatani kolembedwa INST pafupi ndi pobayira chingwe, nditangodina kakuyaka kofiira, gitala inatseguka yonse, timawu tapamwamba tonse tabwerera. Nkhani yake ndi yoti ma pickup a gitala, timaginito totola kulira kwa mawaya, amatulutsa mphamvu yochepa ndipo amafuna polowera pa impedance yokwera, ukawabaya pa line wamba ngati kiyibodi mawu owala aja amamezedwa. Ndiye aise ngati mukusankha interface iliyonse, kaya ndi ya kampani iti, chinthu choyamba kuyang'ana ndi chimenechi, palembedwe INST kapena Hi-Z. Zina zonse ndi zokometsera.

Chimene ndimakonda tsiku ndi tsiku ndi kamagetsi kozungulira pa gain. Kakakhala green uli bho, kakafika red ndiye kuti saundi ikusweka, tsitsa. Ine ndimakwapula chord mwamphamvu kwambiri kamodzi, nkutsitsa mpaka red asaonekenso, basi ndayamba. Sufunika kuyang'ana pa screen.

Za kuchedwa kwa saundi zija zinatha nditaika driver yake ya ASIO pa laputopu nkuika buffer, kuchuluka kwa tizidutswa ta saundi (ma sample) timene kompyuta imasonkhanitsa isanatitulutse, pa 128. Pa 48kHz ma sample 128 ndi ma millisecond osakwana atatu mbali imodzi, zala sizimva kanthu. Laputopu yanga ndi yakale ndiye ma track akachuluka imayamba kuthetheka, pamenepo ndimakweza buffer kufika 512 pomix, pojambula ndimabwezanso. Pali batani la Direct Monitor lomwe limakumvetsa gitala isanalowe mu kompyuta, kuchedwa zero, koma umamva gitala youma yopanda ampu yopanda delay, ndipo ine lead youma sindiitha, mzimu wake suubwera.

Tsopano za magetsi, apa mpamene kabokosi aka kanandigula mtima. Sikafuna adapter ya pakhoma, kamadya pa USB ya laputopu. Magetsi akathima, aneba ayamba kukoleza mbaula, ine ndimapitiriza ndi batire ya laputopu ndi mahedifoni, ndipo chodabwitsa nchoti ma take anga oyera kwambiri ndinajambula nthawi ya blackout. Gitala yanga ndi ya ma single coil, mtundu wa Strat koma yotchipa, ndipo ma pickup amenewa amatola kulira kwa magetsi a m'nyumba, ka hmmmm ka 50Hz kaja. Firiji ikazima, mababu azima, chaja chazulidwa, ziii. Magetsi akakhalapo ndimazula chaja cha laputopu pojambula, ndimazungulira pa mpando pang'onopang'ono mpaka ndipeze mbali imene hum yachepa, nthawi zambiri ndimathera kuyang'ana ku chitseko msana ku laputopu, ndipo switch ya pickup ndimaiika pa 2 kapena 4 pomwe ma pickup awiri amathetsana phokoso. Anthu ambiri amanamizira interface pa nkhani ya hum pamene vuto ndi chaja kapena chingwe chophwanyika mkati.

Funso limene ndimakangana nalo ndi anzanga ndi lakuti maiki pa ampu kapena kungobaya direct. Ndinakopeka nanenso, aliyense amati Shure SM57 ndiye maiki ya gitala, ndipo nzoona, yakhalapo kuyambira 1965, ndi dynamic, siifuna magetsi a 48V amene maiki ena amafuna, imapirira phokoso lalikulu. Ndinagula ina kwa munthu wina mu town pa mtengo wokoma kwambiri, kufika nayo kunyumba yopepuka ngati chidole, saundi ngati wailesi ya mabatire ofooka. Feki. Ma SM57 abodza ndi ambiri zedi, mtengo ukakoma kwambiri thawani. Kenako ndinabwereka yeniyeni kwa mkulu wina wa zoimbira ku tchalitchi, ndinaiika pafupi kwambiri ndi nsalu ya sipika, osati pakatikati penipeni koma pambali pang'ono pomwe kachipewa ka pakati kamathera, ukasunthira pakati saundi imalasa m'makutu, ukapita kumphepete imanenepa. Inamveka bwino, sindikana. Koma kuti ampu imveke bwino imafuna volume, ndipo volume imafuna aneba omvetsa. Take yabwino kwambiri tsiku limenelo muli tambala. Ina muli mwana wa aneba akulira, ndipo nthawi ya dzinja mvula ikayamba pa malata ingoiwalani. Ndinabweza maiki ija patatha sabata ziwiri ndipo sindinaisowe.

Ndiye pano ndimabaya direct, ampu ndi ya mu kompyuta. Mukalembetsa Scarlett pa intaneti amakupatsani pulogalamu yojambulira ya Ableton Live Lite ndi ma plugin angapo, timapulogalamu tokometsera saundi, mwa iwo muli ampu ya Marshall yopangidwa ndi Softube, koma konzekerani bundle chifukwa kudawuniloda zonsezo ndi data yambiri, ine ndinachita usiku. Marshall ija ndi ya anthu a rock, ife zathu zambiri ndi clean, ka lead kowala kothamanga ngati ka sungura, ka chorus pang'ono ndi delay, ndiye sindiigwiritsa ntchito kwenikweni. Ndimajambulira mu pulogalamu ya Reaper, yopepuka pa laputopu yakale, amakupatsa masiku 60 oyesa ndipo license ya munthu wamba ndi $60. Pa ampu ndimagwiritsa Neural Amp Modeler, yaulere, umangotsitsa ma capture, mafayilo otsanzira saundi ya ma ampu enieni. Chimodzi chokha, musaiwale kuika cab kapena IR, chotsanzira bokosi la sipika, pambuyo pake, popanda imeneyo distortion imalira ngati mavu ali m'chitini. Ubwino wina wa direct ndi woti chojambulidwa ndi gitala youma, mwini nyimbo akati lead yachuluka ukali umangosintha ampu osaimbanso.

Zoperewera zilipo. Scarlett ilibe MIDI, polumikizira kiyibodi ku kompyuta, ndiye mnzanga wa kiyibodi yakale ija yopanda USB tinachita kusaka kachingwe kena. Polowera ndi pawiri basi, drums zonse simungajambule. Pobayira mahedifoni ndi pamodzi, woimba akabwera timagawana ndi splitter. Ndipo ndikanena chilungamo, polowera pachiwiri ndimapagwiritsa ntchito mwina kamodzi pa mwezi, kutanthauza kuti Scarlett Solo, yomwe ndi yotsikirapo mtengo ndipo ili ndi polowera gitala pake, ikanandikwanira. Ngati mumajambula nokha gitala ndi mawu, tengani Solo, ndalama yotsalayo mugule mahedifoni otseka bwino ndi chingwe chabwino. 4th gen inatuluka mu 2023, 2i2 yake ili ndi Auto Gain yokuikira level yokha ndipo mobayira maiki anasamutsira kumbuyo, ndinaiona kwa mnzanga ndi yabwino, koma sindikuona chifukwa chogulitsira yangayi.

Chimene chinasintha saundi yanga kuposa plugin iliyonse nchochititsa manyazi kunena. Mawaya a gitala ndinali nditakhala nawo miyezi isanu ndi itatu, akuda bii ndi thukuta la m'maukwati, ndikumakweza treble pa EQ kudabwa kuti bwanji sizikuwala. Nditaika atsopano ndinachita kutsitsa treble yonse ija. Pano ndimasunga paketi imodzi mu drawer ya pansi pa Scarlett, ndipo Loweruka lino isanayambe session ya kwaya ndisintha kaye.